Chimbale cha Madamu Chirambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Fomu 1, pamene ndinamva nyimbo zimenezo koyamba. Ndati ndilembe chifukwa mwezi wathawu zandipeza kuno ku Indianapolis, kumene sindinkaziyembekezera. Mwana wanga Tiyamike ananditengera ku sitolo ya mayi wina wa ku Congo pa Lafayette Road kuti tikagule nsomba zouma ndi chigwada cha m'firiji. Ine ndinali kutembenuza mapaketi kuyang'ana madeti, poti ukapanda kuyang'ana wekha amakugulitsa za chaka chatha uku akukumwetulira. Kenako kuseri kwa kauntala kunayamba kulira kodiyoni pa wayilesi, mawu a mzimayi akubwera pambuyo, osasa ngati a munthu amene wangodzuka kumene. Ndinaima ndi paketi m'manja.

Mwini sitoloyo ataona kuti ndikumvetsera, anandiuza m'Chingerezi chake chothyokathyoka kuti kwawo nyumba iliyonse inali ndi chimbale chimenecho, ndipo chinagulidwa kwambiri moti woimbayo sanafunenso kugwira ntchito ina moyo wake wonse. Tiyamike anandiyang'ana modabwa.

"Mami, inu nyimbo za Chifalansa mwazidziwira kuti?"

"Ndimazidziwa mpaka pamene zimadumpha," ndinatero. Iye anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala za ukalamba, napita kukalipira.

Chimbalecho chinali cha aphunzitsi athu a Chifalansa, Madamu Chirambo, pa sekondale yoyendera ku Blantyre. Anapitako ku France kukachita maphunziro a chaka chimodzi, ndipo pa zonse zimene anabwera nazo, chimene ife tinachiona ndi chimenecho. Lachisanu lililonse, piriyodi yomaliza, ankabwera ndi kagalamafoni ka mabatire. Ankatulutsa mbale m'chikuto atagwira m'mbali mokha ngati yotentha, n'kuipukuta ndi kansalu kachikasu kamene sikankagwira ntchito ina iliyonse. Pachikuto panali mzimayi wa tsitsi lalifupi ataima pa windo, kunja kukugwa mvula. Kumunsi kwa chithunzicho Madamu anamatako pepala la khaki, chifukwa mzimayiyo anavala buluku, ndipo masiku amenewo zotere sizinkaonetsedwa kwa ana a sukulu. Pakona panali kachizindikiro kagolide. Anatiuza kuti kameneko amamata chimbale chikagulidwa ndi anthu osawerengeka.

Ife tinkakhala chete, mawindo ali otsegula, fungo la choko ndi thukuta la masana. Mawu tinkatolapo amodziamodzi. Koma mzimayiyo akatsitsa mawu ngati akukunong'oneza, ngakhale anyamata a kumbuyo ankasiya kugenda mapepala.

Ine ndinali mwana wa Madamu, aliyense ankadziwa. Lilime langa linkapinda bwino pa Chifalansa, ndipo kalembedwe kanga kanali koyera. Ndine ndinkalemba pa bolodi iwo akatopa. Tsiku la makolo litayandikira, anandiitana ku desiki kwawo anthu onse atatuluka.

"Esinati, kwanu kuli gumbagumba, eti?"

"Ilipo Madamu. Anasiya bambo."

"Tenga ichi. Mawu a nyimbo yachitatu ali kuseri kwa chikutoku. Uwalembe pa pepala lalikulu la manila, ndipo uiphunzire, udzaimba pamaso pa makolo. Sindinabwerekepo munthu, ngakhale mng'ono wanga. Lolemba chibwere."

Ndinachinyamula pachifuwa kuchoka pasukulu mpaka ku Bangwe. M'basi ndinakana kukhala pansi kuopa kuti wina angandikhalire.

Kwathu tinali ine, amayi ndi azing'ono anga awiri. Bambo anamwalira ndili Sitandade 5. Amene ankatiyang'anira anali amalume a Dayitoni, achimwene awo a amayi, eni mbumba. Fizi yanga inkachokera kwa iwo, malata a nyumba yathu anakhoma ndi iwo, ndipo pakhomo pathu nkhuku sinkaphedwa iwo osadziwa. Anali ndi benchi mu msika wa Limbe pamene ankakonza mawayilesi. Munthu wansangala, wa pakamwa potsekemera. Akamalankhula nawe umaona ngati pa dziko lonse wanzeru ndiwe wekha.

Loweruka masana anatulukira ndili pa nyimbo yachitatu ija, ndikuibwereza kachisanu. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Iyi si ija ya mzungu wolira ija? Inamveka pa wayilesi tsiku lina. Anthu andivutitsa nayo pa benchi, m'masitolo monse mulibe. Mwaipeza kuti, Nangozo?"

Ankandiitana choncho, ndi mfunda wanga. Ndinati ndi ya aphunzitsi, ndipo Lolemba ibwerera.

"Ndiye bwino. Mawa ndi tsiku lonse. Ndingojambulako kaseti imodzi yanga, madzulo ndabweza."

"Koma amalume, Madamu anati..."

"Esinati," anatero amayi ali kukhitchini, osakweza mawu. "Amalume ako umawayankha uli chiimire?"

Ndinagwada. Ndili chogwada choncho ndinaona akuchikulunga m'nyuzipepala, n'kuchipana m'khwapa. Anandisisita kumutu potuluka.

Lamulungu madzulo sanabwere. Lolemba ndinalowa m'kalasi chimanjamanja. Madamu atandiyang'ana ndinati ndaiwala, ndinadzuka mochedwa. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti mawa. Mawa lakelo ndinakhala kumbuyo kwa mtsikana wamtali, ndipo iwo sanafunse. Anali munthu wosakonda kuchititsa mwana manyazi pagulu, ndipo ine ndinadziwa zimenezo.

Nditaweruka ndinapita ku benchi kukachitenga. Ndinamva kodiyoni ndisanalowe n'komwe pa geti la msika. Amalume anali atalumikiza galamafoni yakale ndi wayilesi ya kaseti, mawaya ali pamtunda, ndipo anthu anayi anaima akudikira. Njira yake inali imodzi: kaseti iliyonse inkafuna kuti mbale izungulire yonse, mbali iyi ndi inayo. Kujambula kuchokera pa kaseti ina ankakana, ati mawu amafooka ndipo makasitomala amadandaula. Choncho mbale ya Madamu inkazungulira kuyambira m'mawa mpaka msika kutseka, pa fumbi, pafupi ndi azimayi ogulitsa usipa. Singano inali yakutha. Ikayamba kutsetsereka, amalume ankaika kandalama kachitsulo pamwamba pa mkono wake kuti ilemere, izikanda ndithu mumzere.

"Wabwera mwini Chifalansa," anauza anthu aja. "Mwana wa mlongo wanga uyu, amalankhula ngati anabadwira konko. Khala apa, Nangozo. Anthuwa akufuna maina a nyimbo pa makaseti awo. Ine ndikalemba zikuoneka ngati mndandanda wa masipeya."

Anandipatsa bolopeni ndi timapepala ta m'makaseti. Ndinati ndabwerera chimbale. Anati Lachisanu, akangomaliza amene alembetsa kale.

Pano ndiyenera kunena zoona, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkaifotokoza nkhaniyi modumpha gawo ili. Ntchitoyo inandikomera. Ndinkalemba maina a nyimbo zonse khumi ndi ziwiri mosamala, ndi tizipewa take pamwamba pa zilembo ndi timichira pansi, nambala seveni nditaidula pakati monga ankachitira Madamu. Makalaliki ovala mataye ankawerama kuyang'ana dzanja langa. Namwino wina anati, "Mwana uyu adzapita kunja." Amalume ankandigulira sikono ndi chakumwa chozizira cha m'botolo, zinthu zimene kwathu tinkaziona pa Khirisimasi. Ndinayamba kupita tsiku lililonse ndikaweruka.

Mmene nyimbozo zinagwirira tauni, mpaka lero sindimvetsa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankamva zimene mzimayiyo ankanena. Koma telala wa pakhonde la mmwenye ankaziimba ndi mluzu. Ometa tsitsi ankaziika. Kondakitala wina wa basi ya ku Lilongwe ankatenga makaseti angapo ulendo uliwonse, akuti kumeneko akuchita kulimbirana. Pa ukwati wina ku Kanjedza akwati analowa mu holo ndi nyimbo yoyamba. Kukhala ndi kaseti imeneyo kunkasonyeza kuti ndiwe munthu wotsogola, ndipo amene analibe ankanena kuti yake wabwereketsa. Ofunsa tanthauzo amalume ankawayankha malinga ndi nkhope. Kwa mnyamata ankati, "Akuti ndidikire, wokondedwa, ndikubwera pa sitima." Nyimbo yomweyo kwa mayi wa mpango wa Mvano ankati, "Akuti zonse n'zachabe, tiyang'ane kumwamba." Onse ankachoka okhutira. Anagula wayilesi yachiwiri kuti azijambula awiri nthawi imodzi, kenako nsapato zatsopano zofiirira.

Lolemba lachiwiri ndinauza Madamu kuti amayi anachitsekera m'kabati kuopa ana, ndipo apita kumaliro ku Thyolo ndi kiyi. Anandipepesa chifukwa cha malirowo. Anafunsanso kuti anamwalira ndani, ine n'kupha azakhali amene kunalibe. Lolemba lachitatu ndinati amayi sanabwerebe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Chabwino, Esinati. Bola chili pabwino."

Kunyumba ndinayesapo kamodzi. Amayi anali kusita yunifolomu yanga ndi simbi ya makala.

"Amayi, auzeni amalume abweze. Madamu akufunsa."

"Ndiwauze ine? Ndiyambire pati?" Anauzira makala. "Yunifolomu ndikusitayi anagula ndani? Pirira, mwana wanga. Mbale siitha, si sopo."

Koma inkatha. Ndinkaiona tsiku ndi tsiku. Kuwala kwake kwakuda kunasanduka kotuwa, ndipo pansi pa mawu a mzimayi uja panayamba kumveka ngati mvula pa malata. Tsiku lina kasitomala anagunda benchi ndi dengu, singano n'kukanda modutsa. Kuyambira pamenepo nyimbo yachitatu, yanga ija, ikafika pakati inkadumpha mzere wathunthu. Amalume anawonjezera kandalama kachiwiri. Inkadumphabe. Anati palibe amene adzadziwe, ndipo ananena zoona, palibe anabweza kaseti.

Lachinayi la sabata yachinayi mtsikana wina anabwera kudzandiitana kuti ndikufunidwa ku sitafu. Ndinapeza Madamu ali okha. Pa tebulo panali kaseti. Mphunzitsi wa masamu anaigula mu msika, n'kubwera nayo kudzawaonetsa mokondwa kuti nyimbo zawo zija tsopano zili ponseponse.

"Werenga," anatero Madamu, akundikankhira kapepala ka m'kasetimo.

Sindinathe. Zilembo zinali zanga, seveni wodulidwa pakati, chilichonse monga anandiphunzitsira okha.

"Azakhali aja anaikidwa bwino?"

Ndinayang'ana pansi.

"Tikaweruka undiperekeze."

Tinayenda, iwo patsogolo ndi chikwama chawo, ine pambuyo. Mumtima ndinali ndi kachiyembekezo kopusa kuti amalume akaona munthu wamkulu adzanena okha mmene zinayendera. Atationa anaimirira msanga, anapukuta mpando ndi mpango wawo, anawalonjera Madamu ndi manja awiri. Mbale inali ikuzungulira pomwepo.

"Chimbalechi n'changa, bambo," anatero Madamu.

"Ayi, zoona? Pepani kwambiri, mayi. Ine mwanayu anangoti aphunzitsi apereka. Ndinkayesa mwapereka kuti anthu amve." Anatembenukira kwa ine ndi nkhope yachisoni. "Nangozo, sunawauze aphunzitsi ako? Onani mayi, ine Chifalansa ndachidziwira kuti? Ngakhale maina awa, onani amene walemba. Ana a masiku ano."

Ndinatsegula pakamwa. Panali anthu, ogula ndi a mabenchi oyandikana, onse akumvetsera. Kunena kuti amalume akunama, pagulu, mu msika, ine mwana wamkazi wa mlongo wawo: mawu amenewo m'kamwa mwanga munalibe. Sindinaphunzitsidwe. Ndinatseka pakamwa.

Madamu sanakangane nawo. Anachotsa okha tindalama tija pa mkono wa galamafoni, n'kutiika pa benchi. Ananyamula mbale m'mbali, naipendeketsa ku dzuwa. Anaiyang'ana mbali zonse ziwiri. Chikuto chinapezeka pansi pa wayilesi ya munthu, chili ndi bwalo la kapu ya tiyi pankhope pa mzimayi uja, pepala la khaki litang'ambidwa. Amalume anathamanga kutenga kaseti yatsopano.

"Iyi tengani yaulere, mayi. Yomveka bwino, ya masiku oyamba."

"Zikomo, sungani."

Pa siteji ya basi ndi pamene analankhula nane. Sanakalipe. Mawu awo anali otopa, ngati a munthu amene wayenda mtunda wautali.

"Ndikudziwa kuti sunapereke wekha. Anthu ngati amalume akowa ndinakula nawo. Iwe sukanatha kuwalanda, ndikudziwa. Koma ukanandiuza Lolemba loyamba lija, ndikanabwera ndekha tsiku lomwelo. Ine si mbumba yawo, Esinati. Ine sakanandigwaditsa."

Basi yawo inabwera, anakwera.

Chilango panalibe. Sanandipititse kwa ahedi, sanaitanitse kholo. Pa tsiku la makolo kalasi yathu inangonena ndakatulo. Lachisanu piriyodi yomaliza inasanduka ya galamala ngati masiku ena onse, ndipo anzanga atadziwa chifukwa chake anandisala mpaka teremu kutha. Madamu anandiphunzitsa zaka zina zitatu. Ankachonga mapepala anga mwachilungamo, ndikakhoza ankalemba kuti ndakhoza. Koma choko sanandipatsenso, ndipo akafuna wotuma ku sitafu maso awo ankandidutsa n'kukagwera pa wina. Ndikanakonda akanandimenya.

Kunyumba mlandu unali wanga. Amalume anabwera madzulo ake kudzadandaula kuti ndawabweretsera mphunzitsi pa ntchito, ndawavula pamaso pa anthu. Amayi anandiuza kuti ndipepese, ndipo ndinapepesa, chogwada. Iwo anandikhululukira mokoma mtima. Malonda sanaime. Anayamba kujambula kuchokera pa kaseti, zimene ankakana poyamba zija, ndipo imene anasunga inali ya masiku omaliza. Kwa zaka ziwiri kapena zitatu Limbe yense ankaimba nyimbo yachitatu ndi kudumpha kwake, akuyesa kuti ndi mmene anaipekera mwini wake.

Ndinabwera ku America ndili mayi wa ana atatu. Zaka zambiri ndinakhala ku South Bend, ndikugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, mpaka mawondo atakana ndi pamene Tiyamike ananditenga kudzakhala naye ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis muno, kuti ndizimuonera ana iye akapita ku shifiti. Ku ntchito kuja anzanga ankandidziwa. Wina akati, "Anti, ingosayinani kuti wodwala uja tamutembenuza, ndamutembenuza kale," ine ndinkapita kukaona ndekha, ngakhale kuli kumapeto kwa kolido. Atsikana a kwathu anandipatsa dzina, Agogo Sindinaone. Ku tchalitchi wina akapempha kuti makalata ake azifikira pa adiresi yanga, ndimakana pomwepo, angakhale mwana wa msuweni wanga. Mbale zodyera za pa chinkhoswe ndimalemba dzina pansi ndipo ndimaima pakhomo pobalalika. Adzukulu akandiuza kuti homuweki amaliza, ndimati bweretsani. Amandiyankha m'Chingerezi kuti agogo simukhulupirira munthu. Sindikana. Kungoti n'zotopetsa, abale. Kukhala maso zaka makumi anayi n'kotopetsa kuposa kunyamula odwala.

Nthawi yonseyi ndinkati amene anandipanga chonchi ndi amalume a Dayitoni, ndi amayi amene anandigwaditsa. Onse awiri anapita kalekale, ndipo ndinawalira monga mwa mwambo. Chaka chatha nthawi ya chisanu, tikuchokera ku South Bend kumene tinakaona wodwala, Tiyamike akudiraiva, uthenga unalowa pa gulu la pa foni la amene tinaphunzira limodzi. Madamu Chirambo amwalira, ali okalamba ndithu, kwa mwana wawo ku Mzuzu. Anthu anayamba kulemba mmene anawathandizira. Nambala yawo ndinali nayo zaka zinayi, anandipatsa mnzanga wina. Ndinkati ndidzaimba pa Khirisimasi, kenako ndinkati pa Isitala. Ndinalemba mizere iwiri pa gulupo, n'kufufuta. Kunja minda ya chimanga inali yoyera mbee ndi chipale chofewa mpaka kumene maso amalekezera.

M'galimoto mmenemo ndi mmene ndinaiwerenga nkhaniyi bwinobwino. Amalume anatenga chimbale, inde. Amenewo sindikanawaletsa, ndinali mwana. Koma amene anaima pamaso pa Madamu katatu konse n'kunama anali ine, ndipo palibe anandituma. Ndinali pakati pa anthu awiri, wina wondiopsa, wina wondikhulupirira, ndipo ndinasankha kulakwira wondikhulupirirayo chifukwa ndiye anali wofewa kunamiza. Akanakhala wokayikira ngati mmene ndiliri ine lero, Lachiwiri lomwelo akanafika ku Bangwe, chimbale chikanapulumuka. Chinawonongeka chifukwa anandimvera.

Choncho adzukulu akamati sindikhulupirira munthu, amanena zoona, koma sadziwa kuti ndinayambira pa ndani. Ndinamuona mtsikana wabwino, wa kalembedwe koyera, wokondedwa ndi aphunzitsi ake, akupha azakhali ake ndi pakamwa kuti apeze sabata ina ya sikono ndi kutamandidwa. Ndimamudziwa bwino mtsikana ameneyo. Ndimadzuka naye m'mawa uliwonse, ndipo mpaka lero sindimusiya yekha ndi chinthu cha mwini.